Buku la kuchipatala, kompyuta ya chipatala kapena foni: mbiri ya wodwala izikhala kuti?

Anzanga amene akusamalira makolo odwala BP ndi shuga akhala akundifunsa kuti mbiri ya matenda ndi bwino kuisunga pati. Kuno ku Malawi njira zake ndi zitatu: buku la kuchipatala lija la health passport, kompyuta ya pachipatala, ndi zithunzi za mufoni. Zonsezi ndazigwiritsa ntchito posamalira mayi anga, ndipo imodzi ndimaisungira mangawa.

Makompyuta m'zipatala zathu sanabwere dzulo. A bungwe la Baobab Health anayamba kuwaika pa Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001, aja ongodina ndi chala, n'kumamata kapepala ka barcode pabuku la wodwala. Kumalo olandirira ma ARV njirayi yathandiza kwambiri, ndipo sindingaipeputse. Akangounika barcode ija, tsiku lotenga mankhwala, sikelo ndi zotsatira za viral load (kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi) zimaonekera pompo. Koma kawirikawiri zolembedwazo zimakhala za pachipatala chomwecho. Mukapita kwina, makamaka kuchoka kuchipatala cholipira kupita cha boma, dokotala amakufunsani funso lomwe lija: "Buku lili kuti?"

Apa m'pamene zinandipwetekera. Mayi ankaonedwa pa kiliniki ina yolipira mumzinda, kumene chilichonse ankachilemba m'kompyuta. M'buku lawo simunkalembedwa kanthu, ndipo nditafunsa anandiuza kuti masiku ano zonse zili mu system. Matenda atakula n'kutitumiza kuchipatala chachikulu cha boma, anatipatsa kalata ya mizere yochepa chabe. Ndinabwerera kukapempha zotsatira za magazi ndi za impso, zimene tinali titalipira kale poyezetsa. Anati zimenezo ndi medical report, ili ndi mtengo wakewake, komanso tidikire dokotala adzasaine. Nditalipira, netiweki inali itavuta. Kuchipatala cha boma sakanadikira, anawayezanso mayi magazi kuyambira poyamba, koma panalibe choyerekezera kuti adziwe ngati impso zikuipiraipira kapena zinali choncho kuyambira kale. Pamatenda a impso, kusintha kwa manambala m'miyezi yapita n'kumene kumamuuza dokotala zochita. Ndalama ija inandiwawa, koma chimene sindinachiiwale n'choti pa tsiku lolembetsa palibe anatiuza kuti kutenga zotsatira zathu zomwe kudzakhala kolipira. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limapatsa munthu ufulu woona zimene bungwe likusunga zokhudza iye, choncho musamapemphe ngati mukupempha chifundo.

Buku silifuna magetsi kapena netiweki, ndipo limalandiridwa kuyambira pa health centre ya kumudzi mpaka ku Queen Elizabeth. Zofooka zake tonse tikuzidziwa: zolemba za madokotala ena siziwerengeka, ndipo madzi akalipeza latha. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola katundu wa mabanja ambiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, mabuku a kuchipatala ali momwemo.

Vuto lake lalikulu ndi chinsinsi. Aliyense wolitola pakhomo amawerenga zonse, n'chifukwa chake ena amakhala ndi mabuku awiri, lina la ma ARV lina la matenda ena. Ndimawamvetsa, koma n'zoopsa. Mankhwala a TB otchedwa rifampicin amachepetsa mphamvu ya ARV wotchedwa dolutegravir m'thupi, moti mlingo wa ARV ameneyu umayenera kusinthidwa. Dokotala amene waonetsedwa buku limodzi lokha sangadziwe zimenezo. Chimodzimodzi ngati Bactrim anakutulutsanipo zidzolo, izi ziyenera kulembedwa m'buku limene mumayenda nalo.

Foni ndimaiona ngati yothandizira buku, payokha siyokwanira. Jambulani tsamba lililonse likangolembedwa, makamaka zotsatira zosindikizidwa pa timapepala tonga malisiti, chifukwa timafufutika tokha pakapita nthawi. WhatsApp imachepetsa chithunzi mpaka manambala ang'onoang'ono osaoneka, choncho tumizani ngati document. Google imapereka 15 GB yaulere yosungiramo zinthu pa intaneti, malo okwanira mabuku a banja lonse, ndipo mukaika zithunzi kumeneko, foni ikabedwa mumazipezabe. Ikani password, ndipo musatumize zotsatira za munthu ku gulu la banja iye asanavomere.

Ine ndimaika buku patsogolo, foni pambuyo pake, kompyuta ya chipatala kumapeto, popeza ndi yokhayo imene sindingaitsegule ndekha. Mayi akaonedwa kulikonse, kolipira kapena kwa boma, ndimapempha dokotala kuti alembe m'buku dzina la matenda, mankhwala ndi mlingo wake, komanso manambala a zotsatira, tisanatuluke m'chipindamo.