Sikelo ya amayi oyembekezera pa kiliniki ina ya pulaiveti, ndaipatsa 4 pa 5

Mlamu wanga anapezeka ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ali woyembekezera ndiye tinkada nkhawa ndi mwana. Anamwino apa ngodekha zedi, anatiuza mosabisa kuti katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14 uja payekha sakwanira, mwana amatha kutengera kachilomboko pobadwa pomwe makamaka mayi akakhala nako kochuluka m'magazi. Mlamuyo anamuyeza, nkumuyambitsa mankhwala ochepetsa kachilomboko otchedwa tenofovir miyezi yomaliza ya mimba, khanda linabayidwa katemera woyamba maola 24 asanakwane ndipo anati tidzaliyezetsebe likamaliza majakisoni onse.

Chondinyasa ndi mzere wa ku labu, munthu wotopa kale kumukhazika pabenchi youma mpaka masana, aaa ayi ndithu. Mtengo woyezetsa kuchuluka kwa kachilomboko m'magazi (viral load) nawonso ngoboola mthumba, pitani mutakonzeka.