Mapanelo a silikoni yokha ndi osanjikiza ndi perovskite: kusiyana kwake kwa wogula

Mapanelo a sola ambiri amene ali pamsika masiku ano ndi a silikoni, ndipo luso limeneli latsala pang'ono kufika pamalire a magetsi amene lingapereke. Selo (kachigawo ka panelo kamene kamapanga magetsi) ya silikoni yokha singasandutse kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi kupitirira pafupifupi 29 peresenti, pamene kampani ya LONGi ya ku China inafika kale pa 27.3 peresenti mu 2024. Chimodzi mwa zimene zimachititsa n'chakuti mbali ina ya mphamvu ya kuwala kwa buluu imangosanduka kutentha m'selomo.

Selo yosanjikiza imachepetsa kutayika kumeneku poyala kagawo kopyapyala ka perovskite (chinthu china chimene nachonso chimasandutsa kuwala kukhala magetsi) pamwamba pa silikoni. Perovskite imakola kuwala kwa buluu ndi kobiriwira, ndipo kofiira ndi kwa infrared (kuwala kosaoneka ndi maso) kumadutsa n'kukakoledwa ndi silikoni pansi pake. Liwiro la chitukuko cha perovskite n'lodabwitsa: pamene gulu la Tsutomu Miyasaka ku Japan linayesa perovskite mu 2009 linapeza 3.8 peresenti yokha, koma mu 2024 selo yosanjikiza ya LONGi inafika pa 34.6 peresenti.

Komabe manambala otere amachokera ku maselo a mu labotale, ang'onoang'ono ngati chikhadabo, ndipo kuyala perovskite mofanana pa selo yaikulu n'kovuta. Mapanelo oyamba osanjikiza amene kampani ya Oxford PV inagulitsa mu 2024, ochokera kufakitale yake ya ku Brandenburg an der Havel ku Germany, anali pa 24.5 peresenti, kungoposa pang'ono mapanelo abwino kwambiri a silikoni.

Nkhani yaikulu kwa ine ndi kukhalitsa. Mapanelo a silikoni amagulitsidwa ndi chitsimikizo cha zaka 25 kapena 30, chotsamira pa zaka zambiri zimene agwira ntchito padzuwa ndi pamvula. Perovskite imafooka ndi chinyezi komanso kutentha, ndipo gawo lapamwambali likafooka, lapansi nalo limabwerera m'mbuyo chifukwa pa maselo ambiri otere magetsi amadutsa m'magawo awiriwa motsatizana. Perovskite ilinso ndi mtovu, umene ndi wapoizoni, kotero imafunika kumatidwa bwino ndi kusamalidwa ikatha ntchito.

Amene ali ndi malo okwanira ndi bwino agule silikoni. Amene denga lawachepera ali ndi chifukwa chomveka choganizira mapanelo osanjikiza, bola wogulitsa alembe kuchuluka kwa mphamvu imene idzakhale itatsala pakatha zaka 20.