Kachigayo kamanja kopangira chiponde, mmene ine ndakaonera

Anzanga a kuno ku Joni, makamaka amayi amene mumandifunsa tikamatuluka m'tchalitchi ngati kachigayo kamanja kopangira chiponde kaja n'koyenera kugula, yankho lachidule ndi loti kaguleni, koma mudziwiretu kuti si ka anthu aulesi ayi. Chiponde kamatulutsa ndithu, chenicheni chomata kumkamwa chija, koma mkono umamva, ndipo pali tinthu tina tomwe wogulitsa sangakuuzeni chifukwa iyeyo mwina sanakapukusepo n'komwe.

Ine ndinakagula m'mashopu a ma China aja a ku Crown Mines, pa R450 nditanenerera mpaka mwini wake kutopa nane. Pa bokosi palibe dzina lenileni la kampani, angojambulapo chimanga ndi khofi basi. Ndi kachitsulo kolemera ndithu, pamwamba pali pothirira mtedza, kumbuyo kuli chogwirira chopukusa, m'kati muli chitsulo chopota chomwe chimakankhira mtedza ku timbale tiwiri ta mano, ndiye kutsogolo kuli sikuluu yomwe mumamanga kapena kumasula malinga ndi mmene mukufunira, chosalala kapena cha timibulu. Pansi pake pali chomangira pa tebulo. Zonse ndi zimenezi, palibe waya, palibe batani, magetsi azime asazime inu ntchito ikupitirira, ndipo amene munali kuno mu 2023 nthawi ya load shedding, magetsi akuzimitsidwa mosinthanasinthana, mukudziwa chifukwa chake ndikutchula zimenezi.

Vuto loyamba ndi tebulo. Matebulo apulasitiki amene ambirife tili nawo m'marumu mwathumu sagwira, mukangoyamba kupukusa tebulo lonse limavina nanu limodzi. Pa kabati ya kukhitchini ya nyumba ya lendi musayerekeze kumangapo chomwecho, matabwa ake ndi ofewa aja, chomangira chimaluma n'kusiya chipsera ndiye a landilodi adzakudulani pa dipoziti mukamasamuka. Ine ndimaika kathabwa pamwamba ndi kena pansi, pakati kansalu, ndiye ndimange. Bambo a kunyumba anachita kupeza benchi yathabwa yakale ndipo ndi imene timagwiritsa ntchito, wina akhala mbali ina kuti isanyamuke.

Chachiwiri, mukangokatulutsa m'bokosi musathiremo mtedza wanu wabwino. Kamabwera ndi mafuta a ku fakitale komanso timbale tija tikadali tatsopano timanyenyeka pang'ono, zoyamba kutuluka zimakhala ndi mizere yotuwa ya chitsulo. Tsukani ndi sopo, umitsani bwinobwino, kenako gayani mpunga wouma kapu imodzi kapena awiri n'kutaya, mpaka ufa wake uzituluka woyera. Pa ichi ndikachotsera mamakisi kachigayoka, m'bokosi munalibe ngakhale kapepala konena zimenezi, ndinamva kwa mayi wina wa ku Zimbabwe woyandikana naye nyumba, iwo aja tizigayo timeneti amatidziwa kuyambira kale.

Tsopano chifukwa chimene ndinavutikira kugula. Chiponde cha m'shopu si choipa ayi, Black Cat ndi Yum Yum tadya tonse ndipo ana amazikonda, koma tatembenuzani botolo lililonse muwerenge kumbuyo, ambiri mupeza shuga, mchere, ndi mafuta ena olimbitsa omwe amathira kuti mafuta a mtedza asamayandame pamwamba. Zilipo zolembedwa kuti mulibe shuga ndi mchere, zoona, koma kunyumba kwanga kuli munthu wa BP ndipo ndimafuna ndizidziwa ndekha zomwe zalowa m'botolo. Mtedza pawokha pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zomanga thupi, ndiye sufuna kuwonjezera kanthu kuti ukhale chiponde. N'chifukwa chake ngakhale kuzipatala kumudzi ana onyentchera amawapatsa chiponde chija cha m'timapaketi, ngakhale chimenecho ndi china, amasakaniza ndi mkaka, shuga ndi mavitamini, musamayerekeze ndi chathuchi.

Komatu apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa anthu akangomva kuti chopanga wekha amaganiza kuti basi ndiye chaukhondo. Ayi ndithu. Mukukumbuka mu February 2024 pomwe a National Consumer Commission, bungwe la boma loteteza ogula, analengeza kuti mitundu ingapo ya chiponde ichotsedwe m'mashelefu kuno ku South Africa? Nkhani yake inali aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku chomwe chimamera pa mtedza ndi chimanga zikakhala pachinyezi ndi potentha. Poizoni ameneyu amawononga chiwindi pang'onopang'ono, akhoza kuyambitsa khansa ya chiwindi, ndipo chowawa n'choti kukazinga sikumuthetsa, kaya mukazinge mpaka mtedza ude. Makampani aja ali ndi ma labu oyezera koma zinawadutsa. Nanga ife a kachigayo ka pa benchi tili ndi chani? Tili ndi maso, zala ndi mphuno basi. Kachigayo kamagaya chilichonse chomwe mwakapatsa, wabwino ndi woola yemwe, sikasankha.

Ndiye ntchito yaikulu si kupukusa ayi, ndi kusankha. Ine ndimathira mtedza pa thireyi yoyera, pang'onopang'ono, masana pakhomo pomwe pali kuwala, osati usiku ndi kababu ka m'rumu. Wonyala ndi wokwinyika ndimachotsa, wosweka ndimachotsa, wofumbwa, wa madontho akuda, wotuwa kapena wobiriwira m'mphepete, wonse kunja. Ena ndimawaswa pakati kuti ndione m'kati mwake, mtedza wina umaoneka bwino kunja koma m'kati muli kaufa kachikasu. Ndipo thumba likamanunkha chinyezi ndimangolisiya lonse, osachita nalo chisoni. Wochotsedwawo musamati tisinje nsinjiro tisataye, paja kumudzi ndi zomwe zimachitika, wabwino kugulitsa, woipa kutendera ndiwo za ana. Tayani. Mukakazinga n'kuchotsa khungu musankhenso kachiwiri chifukwa apa ndi pomwe mabala obisika amaonekera bwino, woyera ali mbee ndiye woipa amadziwikiratu.

Za mtedza wotumiziridwa kuchokera kumudzi. Tonse timaufuna, ineyo ndikamva kuti transipota wabwera ndi thumba la ku Mchinji kapena Kasungu mtima umakhala m'malo. Koma taganizirani ulendo wake, kuchoka Lilongwe kudutsa Dedza kapena Mwanza, Tete, Nyamapanda, kudzafika pa Beitbridge pomwe galimoto imatha kugonapo, thumba lili mu ngolo pansi pa lona, dzuwa likuswa, mwina mvula yavumbwa m'njira. Ndiponso pali ena amawaza madzi pa makoko kuti asavutike kuswa kapena kuti thumba lilemere pa sikelo, chimenecho ndiye chimaitana chuku. Mukamauza achibale akutumizireni, auzeni ukhale wa chaka chomwecho, wokololedwa kuyambira cha mu Epulo mpaka Juni, wouma wa gwa, ndipo ngati n'kotheka ubwere ndi makoko ake mudzaswe nokha kuno. Umadya malo m'thumba koma umasungika bwino.

Kumbali ya mtundu, kachigayoka kamakonda CG7, wofiira uja amene anatuluka mu 1990, ali ndi mafuta ambiri ndiye amatsetsereka bwino ndipo chiponde chimafewa msanga. Chalimbana, wamkuluwamkulu uja, ndi wokoma kutafuna komanso nsinjiro zake palibe wopikisana naye, koma m'kachigayo amatuluka wolimbirapo, amafuna kubwereza kangapo. Mtedza wa konkuno, waung'onoung'ono wolimidwa ku Free State, North West ndi cha ku Vaalharts ku Northern Cape, umene mumaupeza pa kilo m'mashopu a amwenye ku Fordsburg ndi Mayfair, nawonso umachita bwino kwambiri, ndipo kunena zoona nthawi zambiri umabwera wosankhidwa kale kuposa wa m'matumba athu. Ena zimenezi sangakonde kumva koma ndi mmene ndaonera. Gulani wosaphika wosathira mchere, wokazinga kale wa m'mapaketi uja ali ndi mchere ndi mafuta owonjezera, ndiye mwabwerera pomwe mumathawa paja.

Kukazinga, amene muli ndi uvuni ikani pa madigiri 180, mtedza muuyale osaunjika, mphindi 10 mpaka 15, muzitakasa pakati. Ine ndimakazinga pa chitofu mu poto wokhuthala pansi, moto wochepa, mthiko osausiya, mpaka khungu liyambe kuthetheka ndipo mukafikisa kamodzi pa zala likusupuka lokha, m'kati mwasanduka mofiirira pang'ono. Wosapsa bwino chiponde chake chimamveka chiwisi ndiponso chimakana kutulutsa mafuta, wopserera chimawawa, ndipo kuwawa kumeneko simungakubise ndi china chilichonse. Mukaphula thirani mu kansalu koyera ka mbale, fikisani, kenako kupeta. Lichero ndinabwera nalo ndipo ndimapetera kuseri kwa nyumba, ana a maneba amaima n'kumandiyang'ana ngati ndikuchita matsenga kkkk. Khungu lina likatsalira musadandaule, silipweteka, limangodetsako mtundu.

Chinsinsi cha kachigayoka ndi kugaya mtedza ukadali wofunda. Wozizira umalimba, mkono umathyoka, ndipo zotuluka zimakhala ngati nsinjiro zonyowa basi. Ulendo woyamba masulani sikuluu kuti ungophwanyika, osalimbana nawo. Ulendo wachiwiri mangani pang'ono, apa mumayamba kuona zikutuluka zomatana, zikulendewera m'mphepete mwa timbale n'kumagwera m'mbale zokha. Wachitatu mangani ndithu, ndipo ndi pomwe chimayamba kunyezimira mafuta n'kumayenderera. Koma ulendo wachiwiri ndi wachitatuwu ndi womwe umatopetsa, chifukwa phala lija silitsika lokha pothirira paja, chitsulo chopota chimangozungulira chabe, ndiye dzanja lina likupukusa lina likukankha ndi mpini wa mthiko. Ndati mpini wa mthiko, osati chala, makamaka ngati mwana wa sukulu ndi amene akukuthandizani kupukusa. Anthu awiri ntchito imayenda, munthu mmodzi kilo imodzi yokha thukuta lili kamukamu.

Mchere ndimathira kakang'ono kotsina ndi zala pa ulendo womaliza, wosalala osati wamibulu. Shuga sindithira. Ofuna kutsekemera thirani uchi pa buledi pomwepo osati m'botolo monse, ndipo uchi musapatse mwana wosakwana chaka. Madzi ndiye musayerekeze ngakhale dontho, chiponde chimagwirana n'kuwonongeka msanga. Chikalimba kwambiri, supuni imodzi ya mafuta ophikira imakwana.

Ena mufunsa kuti bwanji osangogwiritsa blenda. Blenda wamba wa majuwisi uja sapirira, mipeni imazungulira pansi mtedza utakakamira m'mbali, mota imatentha mpaka kununkha waya. Food processor yamphamvu, makina amagetsi ogayira zakudya aja, ndiyo imachita bwino, mphindi zochepa chabe chiponde chasalala kuposa cha kachigayo, ndinaionapo ikugwira ntchito kwa abwana kumene ndimagwira ndipo sindingakunamizeni, imaposa. Koma mtengo wake ndi wina, ndiponso imafuna magetsi a prepaid omwewa amene tikulira nawo. Cha kachigayo ngakhale mumange bwanji sikuluu chimakhalabe ndi timibulu pang'ono pa lilime, ine ndimakonda choncho chifukwa ndi mmene chimakhalira cha pa mphero, koma ana obadwira kuno poyamba ankakwinya nkhope.

Posunga, botolo lagalasi lotsuka ndi louma bwino, lotseka zolimba. Pakapita masiku muona mafuta ayandama pamwamba, sichinawonongeke ayi, ndi chifukwa choti mulibe zolimbitsa zija, ingotakasani ndi supuni youma. Mafutawo musakhuthule, mukatero chotsalacho chimauma gwa. M'chilimwe cha kuno ndimaika mu fuliji, ndipo ndimapanga chochepa choti chithe m'masabata owerengeka, chikayamba kununkha ngati mafuta akale ndiye chapita. Timadya pa buledi, m'phala la m'mawa, ndi mbatata yophika, komanso ndimatendera nacho masamba, supuni ziwiri kusungunula m'madzi ofunda n'kuthira mu repu kapena nkhwani tikaupeza ku msika wa ku Yeoville. Chokhacho, musanaikire mwana m'bokosi la kusukulu funsani kaye aphunzitsi, masukulu ena kuno amaletsa chifukwa pali ana omwe thupi lawo limadana ndi mtedza moti akhoza kubanika.

Kutsuka ndi mbali ina yomwe sindikondwa nayo. Muyenera kumasula zonse, chiponde chimabisala m'mano a timbale ndi m'mizere ya chitsulo chopota, pamafunika mswachi wakale ndi madzi otentha. Mukangosiya konyowa usiku umodzi m'mawa mupeza dzimbiri, ndiye ndimaumitsa pa chitofu chikadali chofunda n'kupaka timafuta tophikira ndisanasunge. Chogwirira chake chathabwa chinayamba kugwedera msanga, tinachita kuikamo kawashala.

Ngati mumadya botolo limodzi miyezi iwiri, kapena mapewa amakuvutani, kapena mulibe pomangira polimba, musataye ndalama, gulani cha m'shopu chopanda shuga chija. Koma ngati muli banja lalikulu, kapena mungasonkherane amayi awiri atatu a pa yadi imodzi n'kumabwerekana, R450 ija imabwerera, ndipo kamagayanso nsinjiro, soya wokazinga wa phala ndi tsabola wouma, ngakhale tsabolayo ndingakulangizeni mumugayire kwina chifukwa fungo lake silichoka m'timbale. Pogula tsegulani bokosi pomwepo muone ngati timbale tonse tiwiri tilimo ndiponso ngati sikuluu ikumanga mpaka kumapeto, mashopu ambiri a kumeneko katundu akatuluka pakhomo salandiranso.