Pa utsi kamakhoza, pa kutentha musakakhulupirire msanga

Nyenyezi 3 mwa 5. Kachipangizo ka m'manja koyezera mpweya aka n'kofanana kukula ndi foni ya mabatani, ndipo kamaonetsa zinthu zitatu: PM2.5, kutentha ndi chinyezi. Ndemangayi ndi ya kagwiridwe kake ka ntchito panja, m'mapaki a mumzinda, kuyambira nyengo yozizira mpaka mu Okutobala.

PM2.5 ndi tinthu ta mu utsi tosapitirira mamaikulomita 2.5 (maikulomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), tomwe mphuno siitchinga, timakafika mkatikati mwa mapapo. M'kachipangizomu muli kafani kokoka mpweya ndi kuwala kwa laser, ndipo tinthuto tikamadutsa pakuwalapo kamatiwerenga. Apa kamakhoza. Wina akayatsa mulu wa masamba kumbali komwe mphepo ikuchokera, nambala imakwera mphindi isanathe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2021 linati PM2.5 isapitirire mamaikulogalamu 15 pa kiyubiki mita ya mpweya, koma dziwani kuti imeneyo ndi avereji ya maola 24. Ambiri amaona 40 kwa mphindi ziwiri galimoto yautsi itadutsa n'kuyamba kuchita mantha. Khalani pamalo amodzi mphindi 10, lembani nambala mphindi iliyonse, kenako pezani avereji.

Phindu lake lalikulu ndi kukuuzani nthawi yopitira kupaki. Mu Juni ndi Julayi, mpweya wozizira wa m'mamawa umakhala pansi n'kutsekereza utsi wa mbaula ndi nkhuni, makamaka m'malo otsika a m'mbali mwa mtsinje monga m'mphepete mwa Lingadzi ku Lilongwe. Othamanga mbandakucha amaganiza kuti akupuma mpweya woyera, pomwe nthawi zambiri nambala imatsika dzuwa likakwera n'kusakaniza mpweyawo. Kwa mwana wa mphumu kapena agogo a chifuwa, kudikira maola awiri okha kumasintha zinthu. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, anthu akamatentha tchire, utsi umakuta mzinda wonse, ndipo ngakhale pakati pa mitengo nambala siitsika kwenikweni. Mitengo imapereka mthunzi, koma utsi wosalala ngati umenewu siisefa wochuluka.

Chinyezi chimakanamiza. Chikapitirira pafupifupi 75 peresenti, tinthuto timamwa madzi n'kufufuma, ndiye kamawerenga zochuluka kuposa zenizeni. Tsiku la chiperoni ku Blantyre nambala zake musazitenge ngati zoona.

Pa kutentha m'pamene ndachotsera nyenyezi ziwiri. Koyezera kutentha anakaika mkati, pafupi ndi batire, ndiye kachipangizoka kamadziyeza kokha. Kakakhala pa chaja, m'thumba kapena m'dzanja nthawi yaitali, kamawonjeza madigiri angapo. Padzuwa ndiye zimanyanya, chifukwa pulasitiki yakuda imatentha kuposa mpweya. Kuti mupeze nambala yoyandikira zoona, kapachikeni ndi chingwe panthambi, pamthunzi, mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, pomwe mphepo ikudutsa, n'kudikira mphindi 15. Musakagoneke pa benchi ya simenti kapena pa phula, mudzayeza simentiyo.

Ngakhale mutatsata zonsezi, kamangoyeza mpweya, osati zomwe thupi likumva. Mpweya wa pansi pa mtengo wa mango ndi wa pabwalo loyera ukhoza kusiyana pang'ono chabe, koma munthu wa pabwalo akuwombedwa ndi dzuwa kuchokera kumwamba komanso kutentha kochokera pansi. Choncho kachipangizoka sikaonetsa ubwino wonse wa mthunzi. Amene akufuna kuyerekeza malo oika mabenchi kapena makatungwe a ana afunika choyezera chokhala ndi kampira kakuda, chomwe chimamvanso mphamvu ya dzuwa. Ndipo poyerekeza mitengo muzikumbukira mwezi: jakaranda amakhala atayoyola masamba pomwe kutentha kukuyamba, pamene mango ndi msangu amakhala ndi masamba.

Sikayeza ozoni, mpweya wowononga mapapo womwe umachuluka masana otentha, ngakhalenso mpweya wina wotuluka m'magalimoto. Fumbi lokhuthala la m'misewu yadothi kamaliwerenga mosadalirika. Nambala yotsika pafupi ndi msewu waukulu siitanthauza kuti zonse zili bwino.

Batire silifika tsiku lathunthu fani ikamazungulira osapuma, choncho muzikazimitsa pochoka pamalo ena kupita pena. Fumbi limaunjikana pakabowo kolowera mpweya. Pukutani ndi kabulashi kofewa kouma sabata iliyonse m'chilimwe. Musauzire ndi pakamwa, chinyezi cha mpweya wanu chimamatitsa fumbilo mkati. Nambala ikangokhala pamodzi osasuntha, ikani khutu pakabowoko: ngati kafani sikakumveka, kaima, ndipo kachipangizoka sikakupatsani chenjezo lililonse.