EPIC, PACE, PAAD kapena khadi la GoodRx: chimene chimatsitsadi mtengo wa mankhwala ku America

Ku America kulemberedwa mankhwala ndi dokotala sikovuta. Povuta ndi pa kauntala ya famase, pamene amakuuzani mtengo. Agogo atatu odwala shuga, omwa mapiritsi amodzimodzi, wina ali ku Buffalo, wina ku Philadelphia, wina ku Houston, akhoza kutulutsa ndalama zosiyana kwambiri, chifukwa chigawo chilichonse chili ndi ndondomeko yakeyake yothandizira anthu kugula mankhwala, ndipo zigawo zina zilibiretu. Amene mukusamalira makolo okalamba kumeneko, kapena amene zaka 65 zakuyandikirani, muyenera kudziwa khomo loyamba kugogoda.

Kawirikawiri ndondomeko za zigawozi sizigwira ntchito pazokha. Zimakhala pamwamba pa Medicare Part D, mbali ya mankhwala ya Medicare, inshuwalansi ya boma lalikulu la ku Washington ya okalamba ndi olumala; mbali imeneyi inayamba mu 2006. Part D imalipira mbali yake, chotsalacho n'chimene chigawo chimakuthandizani. Lamulo la Inflation Reduction Act la 2022 linasintha zinthu zingapo: kuyambira 2023 insulin ya pamwezi sipitirira $35 kwa amene ali pa Medicare, ndipo mu 2025 anaika malire a $2,000 pa ndalama zimene munthu angatulutse m'thumba mwake pa chaka. Ena atamva zimenezi anati thandizo la chigawo latha ntchito. Ine sindivomereza. Kwa munthu amene amangodalira cheke cha Social Security, penshoni ya boma, $2,000 ndi lendi ya mwezi wathunthu kapena iwiri.

Musanaganize za chigawo, yesani kaye Extra Help. Iyi ndi ndondomeko ya boma lalikulu yothandiza opeza zochepa kulipira mankhwala a pa Part D, fomu yake imapita ku ofesi ya Social Security, ndipo imapezeka kulikonse, ngakhale ku Texas kapena ku Florida. Kuyambira 2024 thandizo lonse limaperekedwa kwa amene ndalama zawo zapachaka sizipitirira 150 peresenti ya mlingo wa umphawi womwe boma limaika. Mu 2025 wolandira Extra Help sankalipira zoposa $4.90 pa mankhwala a generic, aja amapangidwa ndi makampani ena chilolezo cha kampani yoyamba chikatha, ndi $12.15 pa mankhwala a dzina. Vuto lake n'lakuti amasuzumira kubanki. Nyumba yomwe mukukhalamo ndi galimoto saziwerenga, koma ndalama zomwe munasunga amaziwerenga, moti mayi amene anadzimana zaka zambiri n'kusunga kangachepe akhoza kukanidwa pamene mnzake amene sanasunge kalikonse alandiridwa. Apa m'pamene ndondomeko za zigawo zimaonetsa phindu lake, chifukwa zitatu zomwe ndikuyerekezazi, EPIC, PACE ndi PAAD, zimayang'ana ndalama zimene mumalandira pa chaka basi, osati zimene munasunga.

EPIC ya ku New York ndiyo yotakata khomo kuposa zonse. Munthu wa zaka 65 kapena kuposa amalowa ngati ndalama zake zapachaka sizipitirira $75,000, kapena $100,000 kwa banja. Ndiye kuti ngakhale namwino wopuma pantchito amene ali ndi penshoni yabwino akhoza kulowa. Koma kutakatako kuli ndi zake. Amene amalandira mpaka $20,000 ali yekha, kapena $26,000 pabanja, amangopereka ndalama yochepa ya umembala. Opitirira pamenepo amayamba adzilipirira okha mpaka afike pa mlingo umene anawaikira malinga ndi ndalama zawo, kenako EPIC n'kuyamba kuthandiza. Choncho kwa munthu wolandira $60,000 amene amamwa mapiritsi awiri otsika mtengo a BP, chaka chikhoza kutha EPIC isanalipire kalikonse. Imapindulitsa amene mankhwala awo ndi odula, monga Eliquis yoteteza kuti magazi asaundane. Ikayamba kugwira, mumalipira pakati pa $3 ndi $20 pa mankhwala alionse. Chinanso, EPIC sikulipirirani mankhwala ngati mulibe Part D. Makolo amene abwera posachedwa ndi green card, omwe ayenera kudikira zaka 5 asanaloledwe kugula Medicare, pamenepa khomo n'lotseka.

PACE ya ku Pennsylvania, yomwe inayamba mu 1984, ndi yopapatiza polowera koma yosavuta kuimvetsa, ndipo ineyo ndimaikonda pa chifukwa chimenechi. Ndalama zake zimachokera ku lotale ya chigawo. Mukakhala ndi zaka 65, mwakhala ku Pennsylvania masiku 90, ndipo ndalama zanu za chaka chatha sizinapitirire $14,500 muli nokha kapena $17,700 pabanja, mumalipira $6 pa generic ndi $9 pa mankhwala a dzina. Palibe zoyamba mwadzilipirira nokha miyezi ingapo. Opitirira malire amenewo amagwera ku PACENET, yomwe imafika mpaka $33,500 kwa munthu mmodzi ndi $41,500 kwa banja, ndipo kumeneko ndi $8 ndi $15. Kuyerekeza ndi New York, malirewa ndi otsika ndithu. Munthu wolandira $40,000 ali yekha ku Pittsburgh sapeza kalikonse, pamene mnzake wa ku Rochester ali m'kati. Koma kwa wosauka weniweni PACE imagwira msanga, tsiku loyamba lomwelo.

PAAD ya ku New Jersey ndi yakale kwambiri, ya 1975, ndipo mbali ina ya ndalama zake imachokera ku msonkho wa makasino a ku Atlantic City. (Zimandiseketsa kuti m'zigawo ziwiri zoyandikanazi mankhwala a okalamba amalipiridwa ndi otchova juga, amene ambiri mwa iwo ndi okalamba omwewo.) Pa mtengo wa pakauntala PAAD ndi yotsika kuposa PACE: $5 pa generic, $7 pa mankhwala a dzina. Malire ake a ndalama anakwezedwa zaka zapitazi mpaka kupitirira $50,000 kwa munthu mmodzi. Imalipiranso ndalama ya pamwezi ya Part D ngati mwasankha imodzi mwa mapulani amene iwo amavomereza. Ndipo ili ndi chinthu chomwe EPIC ndi PACE zilibe: imalandira anthu a ulumali osakwana zaka 65 amene amalandira ndalama ya ulumali ku Social Security. Mukandifunsa kuti mwa zitatuzi yabwino ndi iti kwa munthu wa ndalama zapakatikati, ndinena PAAD mosakayika. Opitirira pang'ono malire ake amapita ku Senior Gold, kumene amalipira $15 kuphatikiza theka la mtengo wotsala, ndipo kumeneko kukoma kumachepa.

Tsono ambiri safika n'komwe ku mafomu amenewa. Amatsitsa pafoni GoodRx, khadi lochotsera mtengo wa mankhwala, kuonetsa pa kauntala, mtengo n'kutsika pomwepo. Kapena amaitanitsa pa intaneti ku Cost Plus Drugs ya Mark Cuban, yomwe inatsegulidwa mu 2022, imene imaika 15 peresenti pamwamba pa mtengo womwe inagulira, kuphatikiza tindalama ta famase ndi totumizira. Pa mankhwala a generic njirazi nthawi zina zimaposa inshuwalansi yomwe, ndipo sizifunsa zaka, ndalama kapena mapepala okhalira m'dziko. Kwa amene sali pa Medicare, izi pamodzi ndi mndandanda wa $4 wa ku Walmart ndi zipatala za m'dera zimene zimalipiritsa malinga ndi ndalama za munthu, ndizo pothawira.

Koma kwa amene ali pa Part D pali msampha. Khadi la kuchotsera mtengo silophatikizana ndi inshuwalansi; mumasankha chimodzi pa kugula kulikonse. Mukagula ndi GoodRx, ndalamayo siingowerengedwa yokha pa malire aja a pachaka. Pamene ndalama yomwe EPIC, PACE kapena PAAD yakulipirirani imawerengedwa ngati kuti mwatulutsa ndinu, ndiye mumafika msanga pamalire pamene Part D imayamba kulipira zonse. Munthu womwa mankhwala odula akhoza kupulumutsa madola khumi lero ndi khadi, n'kudzitalikitsira tsiku lomwe akanasiya kulipira. Makuponi amene makampani opanga mankhwala amalengeza pa TV nawonso saloledwa kwa amene ali pa Medicare kapena Medicaid, inshuwalansi ya boma ya opeza zochepa, chifukwa lamulo limawaona ngati chiphuphu chokopera anthu ku mankhwala odula. Umembala wa ndondomeko ya chigawo ulinso ndi kamwayi kena komwe ambiri sakadziwa: umakulolani kusintha pulani ya Part D kamodzi pa chaka kunja kwa nyengo yoikika ya pa 15 Okutobala mpaka pa 7 Disembala.

Nanga amene muli m'zigawo zopanda ndondomeko yotere? Ku Texas thandizo la chigawo limakhudza matenda ena okha, monga a impso ndi HIV. Oregon ndi Washington ali ndi khadi laulere la ArrayRx, lomwe limagwira ngati GoodRx koma loyendetsedwa ndi boma. Zigawo zina zinasankha kuika malire pa mtengo wa insulin. Colorado ndiyo inayamba mu 2019 ndi $100 pa mwezi, ngakhale lamulo lotere siligwira makampani aakulu amene amalipira okha zachipatala za antchito awo. Minnesota, pansi pa lamulo la 2020 lotchedwa dzina la Alec Smith, mnyamata amene anamwalira atalephera kugula insulin, imalola munthu amene yamuthera kupeza ya masiku 30 pa $35. Chigawo chilichonse chili ndi alangizi aulere a SHIP, ndondomeko yolangiza anthu pa nkhani za Medicare, ndipo iwo sagulitsa inshuwalansi. Pitani ndi mabotolo onse a mankhwala komanso mapepala a msonkho a chaka chatha, chifukwa EPIC ndi PACE zimawerengera ndalama za chaka chimenecho, osati za chaka chino.