Ndemanga: tchuthi cha pa sitima pa nyanja ya Mediterranean nditachitidwa opaleshoni ya bondo

Ndikulembera anzanga amene anaikidwa bondo lachitsulo ndipo akudzifunsa ngati angakwanitse tchuthi cha pa sitima yapamadzi. N'zotheka ndithu, ndipo mwa maulendo amene munthu wa bondo latsopano angasankhe, uwu ndi wosavutirapo, chifukwa sutikesi mumamasula kamodzi kokha, bedi n'kumayenda nanu mzinda ndi mzinda. Koma kuti musangalale zimadalira zinthu ziwiri zimene mumasankha musanalipire: pamene chipinda chanu chili m'sitimamo, ndi madoko amene sitimayo ikaime. Ine ndi amuna anga tinakwera ya sabata imodzi yochokera ku Barcelona, kudzera ku Naples, Civitavecchia, Livorno, Cannes ndi Palma de Mallorca. Apa n'kuti patapita miyezi pafupifupi isanu chichitireni opaleshoniyo, ndikuyendabe ndi ndodo. Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Musanagule tikiti, kaonaneni ndi dokotala amene anakuchitani opaleshoni. Chimene madokotala amaopa kwambiri ndi ndege yokufikitsani kudoko. Munthu akachitidwa opaleshoni ya bondo, magazi sachedwa kuundana m'mitsempha ya m'mwendo, ndipo kukhala maola ambiri mwendo uli chopinda kumakulitsa vutolo. N'chifukwa chake ambiri amauza odwala awo kuti adikire kaye, ena mpaka miyezi itatu, asanakwere ndege ya ulendo wautali. Ine anandilola, koma anandiuza kuti ndivale masokosi othina a kuchipatala aja, ndikhale mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti ndiziimirira pafupipafupi, komanso ndizimwa madzi ambiri. Chitsulo cha m'bondocho chimachititsa makina a achitetezo kulira, pabwalo la ndege ngakhalenso pakhomo la sitima mukamabwerako kumtunda, ndiye auzeni musanadutse. Pa mabwalo a ndege a mayiko a European Union, thandizo la anthu ovutika kuyenda ndi laulere mwalamulo, ndipo amapempha kuti muidziwitse kampani ya ndege kutatsala maola 48. Pemphani thandizoli osachita manyazi. Mtunda wochokera pandege kukafika potengera katundu ukhoza kulitopetseratu bondo tchuthi chisanayambe.

Za inshuwalansi ndinene mwachidule. M'sitima muli chipatala, dokotala ndi anamwino, koma mumalipira, ndipo si zotchipa. Auzeni a inshuwalansi za opaleshoni yanu, chifukwa mukabisa akhoza kukana kulipira tsiku la mavuto. Funsaninso ngati adzalipira mukadwala pakati pa nyanja n'kufunika kukutengerani kumtunda.

Tsopano chipinda. Sitima zikuluzikulu za masiku ano zimapitirira mamita 300 m'litali, ndipo pa chithunzi cha pa intaneti mtundawo suoneka. Munthu amene chipinda chake chili kumapeto kwenikweni amayenda kanjira kataliko popita kukadya m'mawa, pobwerera, popita kudziwe, pokatenga chipewa chimene waiwala, mpaka madzulo bondo latupa asanaone n'komwe mzinda uliwonse. Ife tinasankha chapakati pa sitima, zitseko zochepa chabe kuchokera pa zikepe. Pakatipo ndi pamenenso sitima sigwedezeka kwambiri mafunde akakula, makamaka pa nsanjika zam'munsi, ndipo kwa munthu amene mwendo wake sunayambe kukhulupirika, zimenezi n'zofunika kuposa khonde lokongola. Phokoso la zikepe limene ena amadandaula nalo ife sitinalimve.

Zipinda zokonzedwera anthu olumala zilipo, za zitseko zazikulu, bafa lopanda chopunthwitsa ndi zitsulo zogwirira, koma ndi zochepa ndipo zimatha msanga. Ife tinatenga chipinda wamba poona kuti sindigwiritsa ntchito chikuku, ndipo ndi bwino zipinda zimenezo zisiyiridwe ozifunadi. M'chipinda wamba, pakhomo la bafa pamakhala chokwera chotalikirapo, ndipo usiku munthu uli ndi tulo chimafuna kusamala. Ndinkasiya nyale ya m'bafamo ili chiyakire, chitseko chotsekula pang'ono. Shawa ndi yaing'ono kwambiri, chimbudzi n'chachifupi. Apa kampaniyo ndiiyamikire: pali fomu ya anthu ofuna thandizo lapadera imene tinalemba kudakali milungu ingapo, ndipo titalowa tinapeza kampando ka m'shawa ndi chokwezera chimbudzi zili kale m'malo. Fomuyi sakuuzani mokweza, muyenera kuifunsa nokha.

Munthu amene anandithandiza koposa onse ndi bambo wosamalira chipinda chathu. Tsiku loyamba ataona ndodo ndi chipsera, anandifunsa nthawi imene ndimafuna ayezi. Kuyambira pamenepo, madzulo aliwonse tikabwerako kokadya tinkapeza kandowa kodzaza ayezi, timatumba tapulasitiki ndi kathaulo kopinda bwino, komanso mapilo awiri owonjezera ali kumiyendo kwa bedi. Ndinkagona chagada, mwendo pamwamba pa mapilo, ayezi wokulunga m'thaulo ali pabondo kwa mphindi ngati 20, ndipo m'mawa bondo linkakhala litaphwa moti n'kupindika bwinobwino. Bondo lochitidwa opaleshoni limatha kumatupa miyezi yambiri, makamaka tsiku limene mwayenda kwambiri, ndiye ayezi ameneyu anali mankhwala enieni. Tsiku lomaliza ndinalemba dzina lake pa pepala loyamikira antchito, ndipo ndikukhulupirira kuti akuluakulu ake anawerenga.

Mankhwala anu, makamaka opha ululu, asungeni m'kachikwama ka m'manja. Masutikesi amatengedwa padoko ndipo amafika pakhomo panu patapita maola.

Sitima isananyamuke, aliyense amayenera kudziwa malo osonkhanira pakagwa ngozi. Lamuloli linakhwimitsidwa sitima ya Costa Concordia itachita ngozi pafupi ndi chilumba cha Giglio mu January 2012, pamene anthu 32 anamwalira. Musaitenge nthawi imeneyi ngati yongotaya. Pangozi zikepe sizigwiritsidwa ntchito, aliyense amatsika masitepe, choncho auzeni antchito kuti masitepe amakuvutani. Amakulembani pa mndandanda wa anthu amene adzatumiziridwe owathandiza. Ineyo mtima unakhala pansi nditaona mayi wina akulemba nambala ya chipinda chathu.

Pa zakudya, malo odyera amene mumakhala pansi n'kumabweretseredwa ndi amene anandikomera. Malo odzitengera wekha ali ndi zakudya zamitundumitundu, koma kunyamula mbale dzanja lina lili ndi ndodo, anthu akukankhana, pansi pena pali ponyowa, si zoyenera. Operekera zakudya akakuonani amathamanga kudzakunyamulirani, koma m'mawa wa tsiku lofika padoko amakhala otanganidwa zedi. Masiku oterowo tinkaitanitsa chakudya cham'mawa kuchipinda.

Kumalo ochitira masewera olimbitsa thupi kuli njinga zopalasa pamalo amodzi, zimene a mafizo amalimbikitsa kwambiri pa bondo ngati langa. M'mawa uliwonse ndinkapalasa pang'onopang'ono ndikuyang'ana nyanja pawindo, ndipo sindinadumphe mafizo anga ngakhale tsiku limodzi. Pa nsanjika yoyendamo yakunja pansi ndi posalala, pali zogwirira ndi mipando, malo abwino ophunzitsira mwendo kuyenda. Maiwe osambiramo ndiwo anandikhumudwitsa. Madzi ndi abwino kwa bondo, bala likapola ndipo dokotala akavomera, koma dziwe lalikulu linali ndi makwerero achitsulo oimirira okha. Kutsika n'kotheka, kukwera ndi mwendo wonyowa umene sunalimbe ayi. Chipangizo chotsitsira munthu m'madzi chinalipo, koma kupeza woyendetsa kunkatenga nthawi moti ndinangozisiya. Funsani za masitepe a dziwe musanasankhe sitima.

Zikepe nazo zimadzaza, makamaka chionetsero chamadzulo chikangotha. Anthu amphamvu amalowa mothamanga, wa ndodo n'kutsala. Antchito sankayang'anira zimenezi, ndipo ndikuona kuti ankayenera kutero. Tinazolowera kukhala kaye m'holo mphindi zingapo gulu lidutse. Mukakakamizika kugwiritsa ntchito masitepe, kumbukirani zimene a mafizo amaphunzitsa: pokwera muyambe ndi mwendo wabwino, potsika muyambe ndi wochitidwa opaleshoni, ndodo ili kudzanja la mbali yabwino.

Madoko ndi nkhani yaikulu, ndipo apa ndi pamene nyenyezi yachisanu inatayikira. Ku Naples sitima imaima m'kati mwenimweni mwa mzinda, pafupi ndi nyumba yachifumu yakale ya Castel Nuovo, moti mukangotsika mwafika. Ambiri amapita ku Pompeii, mzinda umene unakwiririka phiri la Vesuvius litaphulika m'chaka cha 79. Misewu yake ndi ya miyala ikuluikulu yosalingana, yoopsa kwa bondo latsopano. Mwamwayi kuli njira yokonzedwera anthu ovutika kuyenda, yotchedwa Pompei per tutti, ya makilomita oposa atatu, ndipo ife tinayenda gawo lake chabe n'kukhutira. Tinapita patokha pa takisi, chifukwa wotsogolera gulu sadikira munthu mmodzi.

Civitavecchia amailemba kuti ndi doko la Rome, koma Rome ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80, ulendo woposa ola limodzi. Tinagula ulendo wa basi wokonzedwa ndi a sitima, umene unalembedwa kuti ndi wosavuta, woyenda pansi pang'ono. Sizinali choncho. Mabasi akuluakulu saloledwa kufika pafupi ndi malo ambiri akale, ndiye tinatsitsidwa patali n'kuyenda pa timiyala takuda tija totchedwa sampietrini, toterera komanso tosalingana, dzuwa likuswa mtengo. Pamene tinkafika pa kasupe wa Trevi n'kuti bondo likutentha, ndipo malo okhala panalibe. Amene analemba mawu oti "wosavuta" sanaganizire munthu wa ndodo. Madzulo ndinakadandaula ku ofesi yoona za maulendowa. Anandimvetsera mwaulemu n'kupepesa, koma sanabweze kanthu. Mukamagula maulendo amenewa musadalire chizindikiro cha pa pepala. Funsani kuti basi imaima pati, kuyenda pansi ndi kwa mphindi zingati, pali masitepe angati, ndipo pali pokhala kapena ayi.

Tsiku la Livorno ndinapuma. Amuna anga anapita ku Pisa n'kubwera ndi uthenga woti bwalo la nsanja yopendekeka ija ndi lathyathyathya, ndikanatha kuyendamo, ngakhale kuti nsanjayo ili ndi masitepe oposa 250. Sindinadandaule. Tsiku limene anthu atsikira kumtunda sitima imakhala phee, zikepe zimabwera msanga, mipando yogonera ili mbwee, ndipo bondo linapeza mpumulo umene linkafuna pambuyo pa Rome. Pokonza ulendo, musaike masiku awiri olemetsa motsatizana.

Ku Cannes sitima zikuluzikulu siziima padoko. Zimaponya nangula patali ndipo anthu amapita kumtunda pa timaboti. Ichi n'chinthu choyenera kufufuza musanalipire, chifukwa madoko otere alipo angapo, monga Santorini ku Greece, kumene ukafika kumtunda umapezanso phiri lofuna kukwera. Ndinaima pakhomo lam'munsi mwa sitima, kaboti kakukwera ndi kutsika ndi mafunde, mpata pakati pathu ukutseguka n'kutsekeka. Anyamata awiri anandigwira mikono mwamphamvu, mmodzi uku wina uku, wachitatu analandira ndodo. Wina anati, "Dikirani amayi, dikirani," maso ake ali pamadzi, kenako kaboti katakwera kufika polingana anati, "Tsopano," ndipo ndinapezeka ndili m'kati. Amaidziwa ntchito yawo anyamata amenewa. Komabe tsikulo nyanja inali yabata. Kukanakhala mphepo sindikanayesa, ndipo woyendetsa sitima ali ndi mphamvu zoletsa anthu ovutika kuyenda kukwera timabotito, kapena kulidumphiratu dokolo. Amene muli ndi chikuku chamagetsi funsani bwino, chifukwa nthawi zambiri sichiloledwa m'timaboti. Cannes yeniyeniyo inandikomera: msewu wa m'mbali mwa nyanja wa La Croisette ndi wosalala ndipo mipando ndi yambiri.

Palma ndi doko limene ndingalimbikitse aliyense wa bondo ngati langa. Takisi inatisiya kumunsi kwa tchalitchi chachikulu cha La Seu, ndipo m'paki ya m'mbali mwa nyanja ndinayenda momasuka, ndikupuma pamene ndafuna.

Tsiku lotsika ku Barcelona limafuna kukonzekera ngati tsiku lokwera. Mizere ndi yaitali, ndipo kuima malo amodzi kumapweteka bondo kuposa kuyenda. Dzulo lake tinalembetsa ku ofesi ya alendo kuti tikufuna thandizo, ndipo m'mawa wantchito anabwera ndi chikuku pamalo amene anatiuza kuti tidikire, n'kundikankha kudutsa mlatho wotsikira mpaka m'nyumba ya padoko, pamene masutikesi athu anali. Kuchokera pamenepo antchito a m'sitima sapitirira, ndiye takisi yopita kubwalo la ndege ikonzeretuni, ndipo musasankhe ndege yonyamuka m'mawa kwambiri, kuti musayende mothamanga.