Unzika wa ku Britain: madobadoba aliko, koma munthu wamkati kulibe

Abale anga kumudzi, ndi inu amene muli kuno mukuwerengera zaka kuti mufunsire unzika, madobadoba aja timawaona pa mageti a maofesi kwathu aliponso ku Britain. Akunowa amavala jekete, ali ndi kaofesi, ndipo ena amalankhula Chichewa chathu chomwechi. Mmodzi wa iwo anandidyera mapaundi 1,200 mu 2025.

Poyamba anati 900. Akuti ali ndi munthu wamkati ku Home Office, unduna woona za imigireshoni ndi unzika, amene amaika mafomu a makasitomala ake pamwamba, yankho limatuluka mwezi usanathe. Nditalipira, anabweranso kuti ndionjezere 300 "yosungitsa malo" pa mwambo wolumbira ku khonsolo, apo ayi ndidikira chaka chathunthu. Risiti sanapereke. Fomu sanatumize. Kenaka foni yake inasiya kuyankhidwa. Ndalama imeneyo ndinaipeza posamalira okalamba usiku, ana anga akugona okha, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandiwawa.

Bodza lake ndinalizindikira kwa mayi wina, mlangizi wolembetsedwa ndi boma. Kuno munthu saloledwa kulangiza za imigireshoni ngati si loya kapena sanalembetse ku Immigration Advice Authority, imene kale inkatchedwa OISC, ndipo mndandanda wa olembetsa uli pa intaneti, aliyense atha kuuona. Mayiwa ananena mtengo wawo tsiku loyamba, anaulemba papepala, ndipo sanaonjezere ngakhale paundi imodzi. Anandionetsa kuti pa 1,735 imene boma linkalipiritsa nthawi imeneyo, 1,605 ndi ya fomu ndipo 130 ndi ya mwambo. Ndiye kuti mwambo umene dobadoba ankandigulitsa unali kale m'ndalama ya boma.

Chimene ndimawathokozera kwambiri n'chakuti anandiletsa kutumiza fomu sabata imene ndinkafuna. Anatsegula pasipoti yanga yakale n'kuyamba kuwerenga zidindo chimodzichimodzi. Lamulo limafuna kuti tsiku limene fomu ikulandiridwa, tsiku ngati lomwelo zaka 5 zapitazo unali m'dziko muno. Ine tsiku limenelo ndinali ku Dedza pa maliro a bambo anga. Anati dikirani milungu ingapo, ndipo ndinadikira. Amawerenganso masiku amene unatuluka: asapitirire 450 m'zaka zisanuzo, ndipo asapitirire 90 m'miyezi 12 yomaliza. Inu amene mumakwiya kuti sitibwera pa maliro aliwonse ndi ukwati uliwonse, mvetsani kuti ulendo uliwonse umalembedwa. Akakukana unzika, amakubwezera ndalama ya mwambo yokha, ya fomu yapita.

Wogamula nkhani yako sudzamuona nkhope. Ndi wogwira ntchito ku Home Office amene amayang'ana mapepala basi: chilolezo chokhala mpaka kalekale chimene wakhala nacho kwa chaka, mayeso a Life in the UK (mafunso 24, ukhoze 18, mapaundi 50 nthawi iliyonse ukalemba), Chingerezi cha mlingo wapakati wotchedwa B1, mboni ziwiri zimene zakudziwa zaka 3 ndipo si abale ako. Amaonanso khalidwe: milandu, misonkho, ndi bodza lililonse limene unanenapo pa fomu ya viza zaka zam'mbuyo. Kuyambira mu February 2025, wolowa m'dziko muno mozemba kawirikawiri amakanidwa unzika ngakhale papite zaka zambiri bwanji. Choncho achinyamata inu amene mumati "bola ndikafike, zina tikaona konko", siyani maganizo amenewo. Njira imene mudzalowere ndi imene idzakutsatani. Yankho amati limabwera m'miyezi 6, ndipo palibe wa fanta amene angalifulumizitse. Kungoyesa kupereka kangachepe ndi mlandu, ndipo unzika womwewo mwautaya.

A ku khonsolo ntchito yawo ndi ina. Iwo sagamula kalikonse. Kalata yakuvomera ikafika, uli ndi miyezi 3 yoti ukalumbire, ndipo umaimba wekha foni ku ofesi ya khonsolo imene imalembanso maukwati, ana obadwa ndi imfa. Mayi amene anandiyankha anandiuza mosabisa kuti mwambo wa pagulu ndalipira kale, wolipira mwapadera ndi yekhayo wofuna mwambo wa yekha, ndipo mtengo wake khonsolo iliyonse imaika wake. Nditawafotokozera za 300 ija anadandaula, n'kundiuza koyenera kukadandaula. Sanandifunse kalikonse koposa kalata ndi chiphaso changa.

Miyambo imeneyi inayamba mu 2004. Wolumbiritsa amakufunsa pakhomo ngati ulumbira m'dzina la Mulungu kapena ungolonjeza, amatchula mawu inu n'kumabwereza, kulonjeza kukhulupirika kwa Mfumu Charles III ndi kumvera malamulo a dziko. Alendo amalola awiri nthawi zambiri, ndiye musaitane mpingo wonse. Usanalumbire sunakhale nzika, ngakhale kalata ili m'manja. Ukalandira satifiketi, yang'ana dzina ndi tsiku lobadwa pomwepo, chifukwa maina athu a "ng'" ndi "ch" amalakwika msanga, ndipo osaimata pulasitiki, a pasipoti akhoza kuikana. Pasipotiyo ndi ndalama inanso, 94.50 pa intaneti mu 2025.

Inu akumudzi, satifiketi imeneyi si tikiti ya fuko lonse. Sindingaitane nayo achimwene kapena ana a achemwali kuti adzakhale kuno. Ngakhale mwana wako weniweni amene sanabadwe nzika amamulembetsa payekha, pa mtengo umene mu 2025 unali woposa mapaundi 1,200. Za unzika wa Malawi, Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo mu 2018 kuti munthu athe kukhala nzika ya mayiko awiri, koma kafunseni nokha ku nthambi ya Immigration musanalumbire, osati kwa munthu amene akukuuzani kuti mumutumizire ndalama kaye.